Atate Afuna Cisumbu Cina

Nkhani inayambira pa gulu lathu la WhatsApp, usiku wina mu January magetsi atapita. Mzime wathu, amene amakhala m'kabuthi ka mobile money ku Chawama kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, anaponyapo cithunzi: mcenga woyera ngati unga wa breakfast, madzi obiriwira, mitengo ya kokonati yowerama. Pansi pake analemba kuti, "Zanzibar. Ba mudala bakwanisa 70 mu August. Tibapeleke kuno naimwe, bakaoneko ziko."

Mlongo wanga wamkulu, woyendetsa minibasi ya Matero, anayankha ndi mau, cifukwa iye kulemba amakuona ngati kutaya nthawi. "Iwe mwana, Zanzibar uona monga ni pa Kafue? Tigule cabe nkhuku, tiike tenti pa yadi, tisoke vitenge volingana, bavineko ba mudala, kwasila." Mlongo wina uja wa ku migodi ku Solwezi anatumiza cala coloza kumwamba, cimene kwa iye cimatanthauza inde, iai, ndamva, ndiponso musandivute. Pamapeto onse anagwirizana pa cinthu cimodzi: "Ba ticha ndiye baziba masamu, bapange budget." Motero nchito inagwera ine.

Ndimaphunzitsa Geography pa sukulu ina ya sekondale ku Kanyama. Caka ciliconse ndimajambula cisumbu pa bolodi ndi kuuza ana kuti ndi mtunda wozingidwa ndi madzi mbali zonse. Caka ciliconse pamapezeka mmodzi kumbuyo wonena kuti, "Madam, monga nyumba yathu mu February." Kalasi imaseka, inenso ndimaseka, koma mwanayo sanama. Cisumbu ceniceni ine mwini sindinacipondepo. Madzi aakulu amene ndinaonapo ndi a ku Siavonga, tsiku limodzi, paulendo wa sukulu, ndipo nthawi yonse ndinali kuwerenga mitu ya ana.

Atate ndi kalipentala. Anagwira nchito pa kampani ina ya boma kufikira pamene makampani otere anayamba kutsekedwa ndi kugulitsidwa m'ma 1990, ndipo anabwera kunyumba ndi kalata ndi malonjezo. Kuyambira pamenepo akhala pansi pa kashedi ka malata kuseri kwa nyumba yathu ku Matero, kukhoma mipando, zitseko, mabenchi a chalichi, ndipo zinthu zikathina, mabokosi a maliro. Matabwa anali kukagula ku Buseko ndi kubwera nao okha pa wilibala, kuti ndalama ya wokankha ikhale ya mabuku athu. Digiri yanga ya ku UNZA ndi zitseko zimenezo. Maulendo ao onse amene ndikukumbukira ndi a maliro, ku Katete kwao kwa amai ao, kupita Lacisanu ndi kubwera Lolemba ndi kathumba ka nshawa.

Ndiye maganizo a mzime sanali oipa. Ndipo panali cina cimene tonse tinali kucidziwa osacichula: maso a atate akupita. Ng'ala yaphimba kale diso la kumanzere, la kumanja layamba kucita nkhungu, ndipo shuga imene ali nayo siikulola adokotala kulonjeza zambiri. Ngati pali cimene tifuna kuti aone, nthawi yake ndi ino.

Ndinalimbana ndi Zanzibar milungu iwiri. Za ndeke ndinangoyang'ana kamodzi ndi kutseka foni. Njira ya anthu onga ife ndi sitima ya TAZARA: basi mpaka ku Kapiri Mposhi, ndiyeno makilomita 1,860 a njanji kukafika ku Dar es Salaam, masiku awiri kapena kuposa uli m'sitima, pomaliza boti yooloka nyanja ya mcere. Kumeneko malo ogona ambiri anali kuwerengera m'madola, ndipo kuyambira mu 2024 mlendo wolowa pa cisumbuco amalipiranso inshuwalansi ya komweko. Ife tinali anthu 6, atate, amai ndi ana anai, osawerengera azilamu ndi adzukulu amene anali atayamba kale kufunsa za zovala zosambira. Mwa tonsefe wa ku Solwezi yekha ndiye anali ndi pasipoti. Nditaphatikiza zonse, nambala imene inatuluka ndinaiyang'ana kawiri, ndi kuyang'ananso payslip yanga, imene ikafika pansi, ngongole zitadulidwa, imatsala yoonda ngati kapenta. Sizinagwirizane. Komabe ndinalowa cilimba ca aphunzitsi anzanga, K1,000 mwezi uliwonse, ndi kupempha kuti ine ndidzalandire mu July.

Tinapangana kuti tiwabisire, koma m'nyumba ya zipinda zitatu mulibe cinsinsi. Tsiku lina la Sondo titacoka ku chalichi ndinawapeza pa shedi akupaka mafuta zida zao. Ndinawapatsa foni. Anaiyandikiza ku diso labwino lija mpaka inatsala pang'ono kukhudza mphuno.

"Madzi awa ndi amcere, amai?" Ndi mmene amandiitanira, popeza ndinatenga dzina la amai ao.

"Inde atate, ndi nyanja yaikulu ija."

"Tili ndi ndani kumeneko?"

"Palibe. Ndi kokaceza cabe, mukapumuleko."

Anandibwezera foni. "Ngati ana inu mwapeza ndalama zoolokera madzi, mundipereke ku Likoma."

Amai, amene anali kusankha nyemba pa khonde, analeka. Dzina limenelo linali lisanachulidwe pa nyumba ija kwa zaka pafupifupi 30.

Agogo aamuna, atate ao a atate, anabadwira pa Likoma, cisumbu ca pa nyanja ya Malawi. Ukalipentala anauphunzira kwa amishoni a Anglican kumeneko, ndipo ali mnyamata anakwera sitima ya Ilala ikali yatsopano kukafuna nchito, monga anacitira anyamata ambiri a ku Nyasaland masiku amenewo. Ena analowera ku Joni, ena ku Salisbury. Iwo anatsata njira ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, nakwatira mkazi wa ku Katete, nafika ku Lusaka pamene Matero inali kumangidwa kumene. Anati adzabwerera akasonkhanitsa ndalama. Anagona ku Chingwere mu 1986 asanabwerere. Kwao anthu otere amawachula machona. Ine sindinawaone. Cimene anasiya ndi puleni yopalira matabwa, imene atate akali kugwiritsa nchito, ndi kabuku ka mapemphero kopanda cikuto.

Atate anakula akumva za Likoma tsiku ndi tsiku: milambe yonenepa, mango ongogwa okha, usipa woyanikidwa pa gombe, nsima ya kondowole imene imafuna dzanja lolimba, ndi chalichi cacikulu pa Chipyela cimene agogo anali kunena kuti Lusaka yonse ilibe cinzake. Ife ana ao sitinamveko ciliconse ca izi.

Cinawatseka pakamwa n'ciani? Inu amene munabadwa ca m'ma 2000 simungazidziwe bwino. Mu 1994 boma linathamangitsira ku Malawi andale awiri a UNIP, William Banda ndi John Chinula, ponena kuti si nzika za Zambia. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti wofuna upulezidenti makolo ake onse awiri akhale mbadwa za Zambia, ndipo aliyense anadziwa kuti lamulolo linali kuloza Kenneth Kaunda, amene makolo ake anacokera ku Nyasaland. Mu 1999 khoti lalikulu ku Ndola linafika ponena kuti munthu amene analamulira dziko lino zaka 27 alibe dziko. Cigamuloco sicinakhalitse, koma m'makomboni mau anali atafika kale. Ngati KK angachedwe mfolena, nanga kalipentala wa ku Matero amene wangocotsedwa nchito ndi ndani? Palibe anabwera kudzagogoda pa citseko cathu. Panangopezeka neba wina amene anakangana ndi atate pa za malire a yadi, ndi kuwauza pamaso pa anthu kuti, "Imwe Manyasa muzabwelela kwanu." Kuyambira tsiku limenelo tinakhala a ku Katete, basi. Sikunali kunama, cifukwa kwa ife Acewa mwana ndi wa kwa amai ake, ndipo pa reji ya atate mudzi ndi mfumu ndi za ku Katete. Koma mbali inayo inatsekeredwa m'bokosi pamodzi ndi kabuku kaja.

Nkhani za 1996 ndinaziwerenga ku yunivesite, ndinazilembera mayeso, ndinakhoza bwino. Sindinadziwe kuti ndi zimene zinacotsa dzina limodzi pa mphasa yathu. Amai ndiwo anandifotokozera madzulo a Sondo lomwelo, tikutsuka mbale, motsitsa mau ngati neba uja akali kumvetsera, pamene iye anamwalira kalekale.

Nditalemba pa gulu kuti atate afuna Likoma, moto unabuka. Mzime anati, "Likoma ni ku munzi. Nizaika cani pa status, ba sisi?" Ameneyo sanandidetse nkhawa. Amene anandivuta ndi mlongo wamkulu. Anatumiza mau a mphindi zinai, injini ya basi ikulira kumbuyo. "Mufuna tikazionese kuti ndise mafolena? Bana banga ni ma Zambian. Vinthu vinagona kudala, manje muviusha cifukwa cani?" Ndinakwiya, ndinamuyankha ngati ndili kutsogolo kwa kalasi, ndi zaka ndi maina, ndipo anacoka pa gulu. Pambuyo pake ndi pamene ndinawerengera: tsiku la mkangano wa yadi lija ine ndinali kamwana kosewera m'fumbi, iye anali mnyamata wa Grade 9, ataimirira pambali pa atate. Anamva zonse. Ine ndinali ndi mabuku, iye anali ndi tsikulo. Ndikuganizabe kuti analakwa, cifukwa palibe lamulo limene limalanda munthu uzambia cifukwa coti wapita kukaona kumene agogo ake anabadwira, koma sindinayenere kumuphunzitsa pa gulu mng'ono wathu akuwerenga.

Mzime ndinamugwira mosavuta. Ndinamutumizira cithunzi ca gombe la mcenga, madzi oonekera mpaka pansi, miyala ikuluikulu ndi mlambe kumbuyo, osalembapo dzina. Anayankha nthawi yomweyo: "Iyi ndiye Zanzibar nikamba!" Ndinamuuza kuti ndi Likoma, ndipo madzi ake si amcere. Anakhala cete theka la ola, ndiyeno anafunsa ngati kuli netiweki.

Ineyo ndinayamba kuwerenga ngati ndikukonzekera phunziro. Likoma ndi kacisumbu kakang'ono, pafupifupi masikweya kilomita 18, munthu wa miyendo yabwino angakadutse tsiku limodzi. Ndi ka Malawi koma kazingidwa ndi madzi a Mozambique, ndipo mapiri a ku Cobue amaoneka tsidya lina. Cimene cinandiseketsa ndi ici: amishoni a UMCA amene anakhazikika pa Likoma m'ma 1880, likulu lao linali ku Zanzibar, kumene anamanga chalichi pamalo amene panali msika wa akapolo. Chalichi ca St Peter's ca pa Chipyela anayamba kucimanga mu 1903 ndi kutsiriza mu 1911. Ndipo kucokera ku nyanja komweko wansembe Leonard Kamungu anayenda mpaka ku Msoro, kwathu kum'mawa kuno, kumene anamwalira mu 1913. Ndiye cisumbu ca mzime, cisumbu ca atate ndi Eastern Province zili pa cingwe cimodzi, ndipo agogo sanali oyamba kuyenda njira imeneyi.

Njira yake pa pepala ndi yosavuta. Basi ya m'mamawa pa Intercity, Great East Road, mlatho wa Luangwa pamene fungo la nsomba zouma limalowa pa windo, nthoci za ku Nyimba, Petauke, Katete, mpaka Chipata, makilomita oposa 550. Atate akuti tigone ku Katete kuti tikalaire kwa abale a amai ao, ndipo pamenepo sitinatsutse. M'mawa mwake malire a Mwami, kumene kuyambira mu December 2022 maofesi a maiko awiriwa ali pamalo amodzi. Viza safuna, pasipoti cabe. Ndiyeno Mchinji, Lilongwe, ndi ulendo wina wautali wa kumpoto mpaka ku Nkhata Bay. Ndalama ya kumeneko nayonso ndi kwacha, ndipo mzime atamva mmene imasinthidwira ndi yathu anadziwerengera kuti akafika ndi wolemera. Ndinamuuza kuti afunse kaye mtengo wa buledi.

Pa Nkhata Bay ndi pamene pepala limaleka kulamulira. Kuli maboti ena opita ku Likoma, koma atate akuti Ilala kapena kubwerera. Sitima imeneyi inapangidwa ku Scotland, inabwera m'zidutswazidutswa, ndipo yakhala pa madzi kuyambira mu 1951. Ndi yaikulu kwa atate ndi zaka zinai. Dzina lake ndi la kwathu kuno, dera la Ilala kwa Chitambo, kumene David Livingstone anafera mu 1873. Imazungulira nyanja kamodzi pa mlungu, ndiye ukaiphonya uyambe kufunsa za maboti ena kapena kusaka pogona. Ndi nkhalamba, nthawi zina imapumula kuti ikonzedwe. M'malo ena siifika pa gombe, imaima patali, anthu ndi kutsikira m'maboti ang'onoang'ono pamodzi ndi matumba a cimanga ndi nkhuku. Apa ndi pamene ndinayamba kuganiza za maondo a munthu wa zaka 70 amene diso limodzi silikuona.

Mai wina wa ku chalichi kwathu, amene kwao ndi ku Nkhata Bay, anaonjezera cina cimene mabuku anga a Geography amacichula mzere umodzi cabe: mwera. Ndi mphepo ya kum'mwera imene imaomba m'miyezi yozizira, June mpaka August, ndipo ikakwiya nyanja imacita mafunde oti ngakhale asodzi amakokera mabwato kumtunda. Ine holide ndili nayo katatu pa caka, April, August ndi December. April cilimba cikhala cisanandifike. December ndi mvula, ndipo diso lija silinalonjeze kudikira. Tatsala ndi kumapeto kwa August, mphepo ikayamba kutopa. Amai atamva za mafunde ananena mosabisa kuti iwo adzatidikira pa gombe la Nkhata Bay ndi zikwama. Atate anati, "Munandilola ndi ukalipentala wanga, mulephere kuoloka nane madzi a maola ocepa?" Nkhani imeneyo ikali m'khoti la awiriwo.

Bajeti ya Likoma inatuluka pafupifupi theka la ija ya Zanzibar, ngakhale nditaikapo masiku awiri apadera, cifukwa ku Malawi mafuta a galimoto akhala akusowa nthawi ndi nthawi ndipo basi ikhoza kukusiya pa siteshoni. Ndinaikaponso mankhwala a shuga a milungu itatu, mapasipoti asanu, ndi kandalama kosakhudza. Azilamu ndi adzukulu tinawadula, ndipo mlamu wanga mmodzi sakundipatsa moni bwinobwino mpaka lero. Theka la cinthu cosatheka likali lolemera, koma likunyamulika.

Cimene sindinathe kuciika pa pepala ndi mantha anga. Agogo anacoka zaka zoposa 70 zapitazo, makalata analeka kubwera atate akali mnyamata. Tingatenge munthu wokalamba, kumuyendetsa masiku atatu, kukamuimika pa gombe pamene palibe womudziwa. Zanzibar ikanakhala yosavuta pamenepa, cifukwa malo amene ulibe nao kanthu sangakukane. Ndinawafunsa madzulo ena akusesa zipalo za matabwa.

"Nanga atate, tikakapeza kulibe wotidziwa?"

"Ndiye tidzapemphera m'chalichi, tidye nsomba, tibwereko. Sindikupita kukalanda munda wa munthu."

"Mufuna mukaone ciani makamaka?"

Anati afuna akapemphe abambo wansembe atsegule mabuku akale a ubatizo, mwina dzina la atate ao lilimo, ndipo ine ndikawawerengere. Anatinso afuna akapapase mabenchi ndi zitseko za m'chalichi muja. "Kalipentala aliyense ali ndi malumikizidwe ake. Mmene atate anandiphunzitsira kulumikiza thabwa sindinakuonepo kwa wina muno m'Lusaka. Ndifuna ndikaone ngati kumeneko ndi mmene amacitira." Ananena kuti ndikaone, koma anali kusisita zala.

Fomu ya pasipoti tinadzaza mu May. Atate anakhala pa benchi, ine ndi colembera, popeza mizere ing'onoing'ono saiona. Dzina, tsiku lobadwa, nambala ya reji, zonse zinayenda. Tinafika pofunsa za makolo ao ndi kumene anabadwira. Ndinaima.

"Pa atate anu ndilembe ciani?"

Anakhala cete nthawi yaitali, mpaka ndinamva wailesi ya kwa aneba ikuwerenga mauthenga a maliro. Amai anaima pa khomo ndi mthiko m'manja.

"Lembani Likoma, amai," anatero. Ndipo anayamba kundichulira cilembo cimodzicimodzi, L, I, K, ngati kuti mphunzitsi wa Geography angalakwitse.

Tsiku lokapereka mafomu, minibasi inaima pa geti 6 koloko m'mawa, yopanda kondakita, yopanda munthu. Mlongo wamkulu sanatsike. Anangoti, "Kwelani, nili na ma trip yambili lelo." Njira yonse mpaka m'tauni sanachule Likoma, anangodandaula za maenje a mumseu ndi mtengo wa dizilo. Mlungu wotsatira mzime anandiimbira kuti munthu wina wasiya K1,500 pa buthi yake, nati aiike ku nambala yanga, ndipo asanene kuti ndi ndani. Pa gulu sanabwererebe. Fomu yake ya pasipoti ili m'kabati ka basi, yodzaza theka.

Pamene ndikulemba izi mapasipoti tikali kuyembekezera, cilimba cifika mwezi wa mawa, ndipo pa bajeti pakusowa K4,200. Wa ku Solwezi ndamufunsa katatu, katatu konse wanditumizira cala cija. Amai agula citenge catsopano koma akuti ndi covala pa gombe podikira.

Atate ndiwo ayamba zao. Mai wa ku Nkhata Bay uja atawafotokozera za kutsikira m'kaboti, anakhoma kabenchi kofika m'maondo ndi kukaika pakati pa shedi. M'mawa uliwonse asanagwire puleni amakwerapo ndi kutsika, kukwerapo ndi kutsika, dzanja limodzi litagwira mzati wa shedi, akuwerenga mokweza. Anayambira pa 5. Dzulo ndikupita ku nchito ndinawamva ali pa 22, ndipo amai anali kukuwa kucokera m'khichini kuti akagwa asaitane munthu.